Galu wa mu Ubongo ndi Mapazi a Apongozi

Khalani pansi, abambo. Inu a jekete yofiila amene mwaima pakhomo ngati mukudikila basi ya ku Lusaka, khalani nanunso. Ndikudziwa kuti palibe amene wabwela kuno mwa kufuna kwake. Ena akutumani ndi ankhoswe, ena akhoti, ndipo mmodzi wa inu, sindimutchula, mkazi wake wamupelekeza mpaka pa geti ndipo wakhala pamwala paja kuti asathawe. Musachite manyazi. Ine ndinali woipa kuposa nonsenu mutaphatikizana, ndipo sindikunyada, ngakhale kuti kunena zoona palibe mwa inu amene akanandifika.

Dzina langa ndine Yelesani Daka, wa ku Mwape, koma ku Nyimba konse anali kunditcha Palafini. Zonse zimene ndikambe lelo ndi zoona. Anthu amati ndikamakamba ndimawonjezela mchele. Wonena zimenezo sanakhaleko m'zaka zimene mchele unali kusowa. Sitinaphunzile kuuwononga.

Choyamba, mudziwe kuti ndikadali wokwiya. Musandione imvi n'kuganiza kuti mwapeza mngelo. Ndakwiya ndi mabenchi ano, ndakwiya ndi amene akutafuna chingamu kumbuyoko, ndakwiya ndi munthu wina wa chikhoti choyela amene anamwalila kalekale, ndipo koposa onse ndakwiya ndi Yelesani. Kusiyana kwake n'kwakuti lelo ndakwiya manja ali m'thumba.

Ukali ndinayamba nawo kale. Tsiku la ufulu, dziko lonse likuvina, ine ndinamenya ng'oma pamodzi ndi mwini wake. Njinga yanga itaduka tcheni pa chitunda, tinamenyana mpaka anthu atatu anachita kutileletsa, ndipo amene anapita kwawo akutsimphina sinali njinga. Nkhuku za pakhomo panga zinasamuka zokha kupita kwa aneba, tambala patsogolo, zina zitanyamula mazila. Wokayika apite ku Mwape akafunse. Zidzukulu za nkhukuzo zikadalipo, ndipo zikandiona zimawoloka msewu.

Mukuseka. Sekani, chifukwa apa pakubwela posaseketsa. Ndinakwatila Esinala Mumba, ndipo ndinakakhala chikamwini kumudzi kwawo, pafupi ndi boma la Nyimba. Esinala sindinamumenyepo, koma musandiombele m'manja. Ndinamenya chitseko iye ataima pambali pake. Ndinaswa mbale ili m'manja mwake. Mwana wanga woyamba, Dailesi, akamva kutsokomola kwanga panjila anali kulowa pansi pa nkhokwe, n'kukhala momwemo ndi nkhuku za eni mpaka amake atamuitana. Ameneyo ndiye mwamuna amene ndinali. Inu amene mumati ine mkazi sindimugwila, ndimangokalipa, kafunseni ana anu kumene amabisala.

Tsopano mvetsetsani mwambo, makamaka inu a ku migodi amene mwabwela mailo, dzulo lomweli. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Mukakumana panjila, iwo amapatuka n'kutembenuka, iwe umapatukila kwina maso pansi. Akafuna kukuuza kanthu amauza mwana, kapena mtengo, iwe n'kumvela pomwepo. Ine mwambo umenewu ndinausunga kuposa malamulo khumi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala m'mudzi umodzi ndi mai ake a Esinala, koma nkhope yawo sindinali kuidziwa. Ndinali kudziwa mapazi. Chala chachikulu cha kumanzele chinalibe chikhadabo, khasu linachotsa, ndipo chidendene cha kumanja chinali ndi mng'alu woti ungabisemo ngwee. Mapazi amenewo ndikanawazindikila pakati pa anthu chikwi.

Esinala atatopa anandikokela ku chipatala china cha mishoni, cha kumbali ya Petauke. Dokotala anali mzungu wongofika kumene, Chinyanja chake chinali kuthela pa moni. Pambali pake panaima womasulila wa chikhoti choyela, ma bolopeni atatu m'thumba. Anandifunsa chimene chinali kundivuta. Ndinayankha mwaulemu kuti ndimapsa mtima, tsiku lililonse mtima umandipsa. Womasulila anauza mzungu, mzungu anagwedeza mutu ngati wamva za mnzake wakale. Anafunsa ngati zimachitika ndikangomaliza kudya. Ndinati inde, makamaka ndiwo zikapanda mchele. Anafunsa ngati zimakula ndikagona chagada. Ndinati inde, chifukwa ndi pamene ndimakumbukila onse amene anandilakwila. Anafunsa ngati zimakwela mpaka pakhosi. Ndinati zimadutsa pakhosi n'kutuluka pakamwa ngati kutukwana, koma womasulila anangopeleka liwu limodzi. Anandipatsa botolo la mankhwala oyela ngati laimu wopaka nyumba, sipuni ziwili ndikamva kupsa.

Zaka zinayi, abambo. Zaka zinayi ndinamwa laimu ameneyo. Munthu akandiputa ndinali kumwa sipuni ziwili, kenako n'kumumenya. Ndipo ndinali kuuza Esinala kuti usadandaule, ndili pa mankhwala.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, zinthu zitayamba kusowa. Sopo, shuga, mchele, saladi, mafuta aja ophikila ndiwo, zonse zinali za pamzele. Lole ikafika pa sitolo ya boma, anthu anali kuima mzele kuyambila pakhomo la sitolo mpaka kumene maso amalekela. Tsiku lina mai wina analowa pamzele ali ndi mimba yosaoneka, pofika pa kauntala mwana anali kukwawa. Ndinaona ndi maso anga. Ndiye a chipani anafuna amuna osunga bata pamzele, ndipo atcheyamani a dela lathu anati palibe woposa Palafini. Anandipatsa chikoti ndi kansalu komanga pamkono. Taganizani, dziko kutenga munthu amene nkhuku zinamuthawa n'kumupatsa chikoti. Matenda anga anasanduka ntchito, ndipo anali kunditamanda nawo pamisonkhano.

Tsiku limene ndinagwa kunabwela saladi. Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala, lija limaphika dzila m'mimba mwa nkhuku. Ndinali kuyenda m'mbali mwa mzele ndikuwongola anthu. Nditafika chapakati, mai wina anatuluka pamzele, n'kuima pambali, n'kundifulatila. Ndinakalipa kuti bwelelani pamzele. Sanayankhe. Ndinakalipanso. Sanatembenuke. Ndinayang'ana pansi mwa chizolowezi, ndinaona nsapato za kanivasi zoyela. Masiku amenewo nsapato ya akazi m'sitolo inali ya mtundu umodzi, monga chipani, ndipo chitenje chinali chimodzimodzi kwa theka la mzele. Ndinawakwapula ndi chikoti kumsana, n'kuwakankha. Anagwela pa mwala wa ngalande, dzanja linalila ngati nthambi youma. Nsapato imodzi inavuka.

Chala chopanda chikhadabo.

Anapatuka chifukwa cha ulemu. Anandifulatila chifukwa cha ulemu. Sanandiyankhe chifukwa mpongozi sayankha mkamwini. Ndipo nsapatozo anawagulila ndi Esinala, ndine ndinamutuma.

Zotsatila ndizikamba mothamanga chifukwa nazonso zinathamanga. Atcheyamani anauza apolisi kuti munthu ameneyu sakumudziwa bwino, kansalu kapamkono mwina anatola. Khoti linandipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Ndili m'ndende anabwela amalume ake a Esinala, aMumba, atanyamula mtolo: mabuluku anga awili, khasu, ndi botolo la laimu. Anati mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo wothyola mwini nyumba amaonetsedwa njila. Ana atatu ndi a kwa Mumba. Ndinafunsa kuti nanga Esinala akuti bwanji. Anati Esinala wanena kuti sakwatiwanso kwina, koma sabwelelanso kwa ine pokhapokha atalola mwini dzanja lothyokalo. Ndipo mwini dzanja, anatelo aMumba, sakufuna kumva ngakhale fungo la palafini, akuunikila ndi udzu.

Nditatuluka sindinapite ku Mwape, manyazi. Ndinatsikila ku Kacholola, pamsewu waukulu, kumene madalaivala amaima kuti injini zizizile. Ndinamwa kachasu mpaka udzudzu ukandiluma unali kuuluka chammbali. Ndinagona m'makalavati. Anandithamangitsa pa ntchito yokweza nthochi, pa ntchito yosenza makala, ngakhale pa ntchito yolondela mulu wa mchenga, chifukwa ndinakangana ndi mchengawo. Wotsiliza kundilandila anali mdala wina wogulitsa nyama ya mbuzi, aSakala. Anali atapuma ntchito ku chipatala chija cha mishoni, kumene anagwila zaka makumi awili ndi zisanu mu mochale, kuthandiza madokotala kung'amba mitembo. Anthu anali kudziwa zimenezi, koma nyama yawo inali yodulidwa mwaluso moti anali kugulabe. Ntchito yanga inali kugwila miyendo ya mbuzi ndi kukoleza moto.

Tsopano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndakuitanilani.

Tsiku lina masana dalaivala wina anati nyama ndi yolimba. Ndinamugenda ndi mwendo wa mbuzi wathunthu. Anauwakha, n'kukwela nawo lole, n'kupita. Ine ndinatulutsa botolo langa n'kumwa. ASakala sanakalipe. Anapempha botololo, ananunkhiza, n'kundifunsa amene anandipatsa ndi mau amene ndinanena kwa dokotala. Ndinawafotokozela zonse. Mdala uja anaseka mpaka anakhala pansi m'phulusa. Atapuma anandiuza kuti m'Chizungu, ukatenga liwu la mtima n'kuliphatikiza ndi liwu la kupsa, umapeza dzina la chilungulila.

"Iwe Daka," anatelo, "zaka zonsezi wakhala ukuchiza chilungulila."

Ndinanyamuka pomwepo kuti ndiyende wapansi mpaka ku chipatalako ndikamupeze wa ma bolopeni atatu. ASakala anati ndisavutike, anamwalila kale, ndipo anamusambitsa ndi iwo. Anatinso womasulilayo sanalakwe yekha. Tinalakwa tonse, kuyambila makolo athu amene anaika zonse mu mtima: kupsa mtima, kuwawa mtima, kutaya mtima, kuugwila mtima. Anatambasula manja awo pamaso panga.

"M'manja awa mwadutsa mitima ya abusa, ya mbava, ya akazi a pamitala. Sindinaonepo ngakhale umodzi wopselela."

Anatenga nkhwangwa n'kung'amba mutu wa mbuzi imene tinapha m'mawa. Anayala tsamba la nthochi, mbali ina anaika mtima, mbali ina ubongo. Mtima anati ndi pampu chabe, wantchito wokhulupilika amene amathamanga akauzidwa. Wouza ndi uyu, chinthu chotuwa chooneka ngati phala la mailo. Anati ku chipinda cha opaleshoni anaona anthu atagonekedwa ndi mankhwala: mtima ukugunda bwinobwino, dokotala akudula mwendo, koma munthu kulibe, sakumva, sakudziwa, sakukwiya. Mankhwala agoneka ubongo, ndipo munthu yense wazima ngati nyali. Anandiuzanso za mkulu wa mpingo wa ku Sandwe, munthu wofatsa, amene mtanda wa denga la tchalitchi unamugwela pamphumi. Bala linapola, mtima unali ngati wa mnyamata, koma anabwelela kwawo wotukwana ndi wosaugwila, mkazi wake n'kumati mwandipatsa mwamuna wina.

Kenako analoza ndi nsonga ya mpeni mkati mwa ubongo, chapansi, n'kunena kuti penapake apa, mbali zonse ziwili, pali kanthu kochepa ngati nshawa. Kameneko ndi galu wa pakhomo. Ntchito yake ndi kuuwa. Sadikila kuti aone ngati wabwela ndi wakuba kapena mlamu. Akauwa, mtima umathamanga, magazi amapita m'manja, makutu amatsekeka. Galu ameneyu si mdani, ndi amene amakudumphitsa njoka usanadziwe kuti waona njoka. Ndiye analoza kutsogolo, kuseli kwa mphumi, n'kunena kuti kuno kumakhala mwini nyumba, amene amatuluka n'kuyang'ana n'kunena kuti chete iwe, ndi mlamu. Vuto ndi lakuti galu amadzuka msanga, mwini nyumba amachedwa. Ndipo njila imene umayendamo tsiku ndi tsiku mu ubongo imakula ngati njila ya kumadzi, imene suyendamo imamela udzu. Anati ine galu ndinamulambulila msewu wa tala, mwini nyumba ndinamutsekela ndi kachasu.

Ndinati zimenezo ndi za mbuzi. Anandifunsa funso limodzi: pamene unakweza chikoti tsiku lija, unali kuti? Ndinati ndinali pomwepo, nanga anamenya ndani. Anafunsa mtundu wa duku limene maiyo anavala. Sindinadziwe. Anafunsa zimene anthu a pamzele ananena chikoti chisanatsike. Ndinati palibe ananena kanthu. Koma ndikunena choncho ndinakumbukila khoti. Akazi anayi anaima mmodzimmodzi n'kulumbila kuti anakuwa kuti ndi apongozi ako, Palafini, ndi apongozi ako. Ine m'khoti ndinati akunama. Ndinali ndisanamvepo mau amenewo. Akazi anayi, pafupi ngati pamene mwakhala inu a jekete yofiila, ndipo sindinamve.

"Ndiye kuti sunalipo," anatelo aSakala. "Analipo ndi galu. Koma usasangalale, woweluza samanga galu, amamanga mwini wake."

Abambo, ndinakhala pa chitsa ndikuyang'ana phala lotuwa lija pa tsamba la nthochi, ntchentche zikutela. Ndinawelenga masiku amene sindinalipo. Tsiku la mbale ya Esinala sindinalipo. Masiku onse amene Dailesi anali pansi pa nkhokwe sindinalipo. Theka la moyo wanga linadyedwa ndi kanthu kochepa ngati nshawa, ine ndikumwa laimu. Ndinakwiya kuposa kale lonse, koma kwa nthawi yoyamba ndinali kudziona ndikukwiya, ngati munthu woima pakhomo akuyang'ana galu wake. ASakala anati ameneyo, amene akuonayo, ndiye tikufuna kumudyetsa.

Njila yake anaiphunzila kwa dokotala wina wochokela ku India, amene m'mawa uliwonse anali kubwela kudzakhala chete mu mochale, chifukwa ndi malo okhawo m'chipatala amene odwala sadandaula. Ndinafunsa ngati si zamizimu yachilendo. ASakala, amene anali kuimba kwaya, anati mphuno ndi yako, mpweya ndi wa Mulungu, chachilendo n'chiti.

Nayi njilayo, ndipo ndi yopusa moti mukwiya. M'mawa usanakambe ndi munthu, khala pa chinthu cholimba, msana uli chilili, maso pansi. Mvela mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka pamphuno. Ukatuluka welenga, kumodzi, mpaka khumi, n'kuyambanso. Maganizo akathawa, ndipo adzathawa, ukazindikila kuti athawa bwelela pa kumodzi. Basi. Kuzindikila kumeneko ndi kubwelela kumeneko ndiye ntchito yonse. Nthawi iliyonse ukabwelela, mwini nyumba wadzuka kamodzi, ndipo wapondapo kamodzi pa njila yake ya udzu ija.

Tsiku loyamba ndinafika pa kuwili, n'kupezeka ndili ku Nyimba ndikutsamwitsa atcheyamani. Tsiku lachitatu ndinakwiya ndi mphuno yanga chifukwa inali kulila mluzu. Sabata yoyamba yonse sindinadutse pa kanayi, ndipo ndinathyola kileti imene ndinali kukhalila. ASakala anandipatsa mwala. Patapita miyezi iwili ndinayamba kuona chinthu chimene sindinachidziwe zaka makumi anayi: galu wanga asanauwe amayamba waimika makutu. Kwa ine makutu enieniwa amatentha, nsagwada zimalumana, chala chachikulu cha kumanja chimalowa m'chikhatho. Kwa inu mwina ndi kwina, m'mimba kapena pakhosi. Fufuzani. Ndikamva zimenezo ndimanena chamumtima, pepani, chamuubongo, kuti galu wadzuka, ndipo ndimatulutsa mpweya katatu pang'onopang'ono ndisanatsegule pakamwa kapena dzanja. Katatu kameneko ndi nthawi imene mdala wa kuseli kwa mphumi amafuna kuti apeze nsapato zake.

Kachasu ndinasiya, osati chifukwa cha ulaliki, koma chifukwa amagoneka mwini nyumba n'kusiya galu ali maso. Njala ndi kusagona zimachitanso chimodzimodzi, choncho musakambe milandu ya m'nyumba musanadye. Ndipo musaganize kuti ndinangokwela osatelemuka. Mwezi wachisanu ndinaponya sikelo m'ngalande. Mawa lake ndinakhalanso pamwala, kuyambila pa kumodzi. Sindine dokotala, ndipo amene mutu unavulala kapena mumamva mau a anthu osaoneka pitani kuchipatala, koma mukanene kuti ndimakwiya. Za mtima musazitchule.

Chitatha chaka ndi theka, aSakala anavala jekete n'kupita kwa aMumba ngati nkhoswe yanga. Anapita katatu. Ulendo wachitatu anabwela ndi yankho la apongozi. Anati sakufuna mbuzi, sakufuna kupepesa kwa pakamwa. Akufuna botolo limodzi la saladi, ndipo aligule ndi Yelesani mwini wake, pa sitolo yomwe ija, ataima pamzele ngati munthu.

Lole inafika Lachinayi. Ndinalowa pamzele dzuwa likutuluka, ndipo Nyimba yonse inandizindikila. Akazi anayamba kufunsana mokweza ngati palafini nayenso akusowa, poti wafika poima pamzele. Wina anati tisayatse fodya pafupi. Wina anandiponda phazi, n'kubwelela kudzapondanso kuti atsimikize. Chikoti changa chinali m'manja mwa aZulu, amene kale anali wachiwili wanga, ndipo anadutsa kanayi akundiwongola ndi nsonga yake pachibwano, akunditcha bambo omenya apongozi. Ulendo wachisanu anandikwapula m'miyendo popanda chifukwa. Makutu anatentha moti ntchentche imene inatela pa khutu la kumanja inagwa pansi yokazinga. Ndili ndi mboni. Chala chinalowa m'chikhatho. Ndinatulutsa mpweya katatu, kenako kasanu, kenako ndinasiya kuwelenga n'kumangobwelela pamphuno, kubwelela pamphuno, ngati munthu wotunga madzi ndi chibekete chobooka.

Dzuwa litapendeka ndinafika pa sitepe ya sitolo. Patsogolo panga panatsala anthu awili. Kalaliki anatuluka n'kunena kuti saladi yatha. Akunena choncho, ndinaona katoni yathunthu ikutuluka pakhomo la kumbuyo pa phewa la mlamu wake wa atcheyamani, ndipo aZulu anali kundiyang'ana akumwetulila, chikoti chili lende, akudikila.

Abambo, galu sanauwe tsiku limenelo. Anabangula. Ndinaona Esinala akupita, ana akupita, chaka ndi theka cha pamwala chikupita, chifukwa cha katoni imodzi. Ndipo mkwiyo umenewo unali wolondola, anali kutibela masana dzuwa likuswa mtengo. Koma ndinalipo. Ndinali kumva zonse: mwana akulila kumbuyo, njinga ikudutsa, thukuta likutsika pamsana. Ndinauza kalaliki ndi mau wamba kuti katoni ija taiona tonse, ndipo Mulungu waiona. Kenako ndinaika manja m'thumba, n'kugwetsa maso pansi kuti ndipeze mphuno yanga.

Kumbuyo kwanga, pafupi ndi zidendene zanga, panali mapazi awili opanda nsapato, otuwa ndi fumbi la tsiku lonse. Chala cha kumanzele chinalibe chikhadabo.

Anali ataima kumbuyo kwanga kuyambila m'mawa. Nsapato anazisiya kunyumba dala. Amene anandiponda kawili uja ndinamva pambuyo pake kuti anali mng'ono wawo, wotumidwa. Ndinapatuka pamzele n'kufulatila, monga mwa mwambo. Iwo anatembenukila kwa mtengo wa mango umene unali pambali pa sitolo, n'kuuza mtengowo.

"Ukawauze atate ake Dailesi kuti denga la nkhokwe likudontha. Lomba mvula ili pafupi."

Saladi sindinapeze. Tinadya ndiwo zotendela mwezi wonse.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino ngati nyimbo ya ukwati. Dzanja la apongozi linapola chokhota, ndipo mpaka imfa yawo sanathe kusenza mtsuko okha. Ndinali kuliona dzanja limenelo likamapeleka mbale kwa ana, popeza maso anga anali kuloledwa kufika pamenepo. Dailesi anatenga zaka ziwili kuti asiye kuyang'ana kunkhokwe ndikatsokomola. Zimenezo palibe mpweya umene ungazifafanize, ndipo n'chifukwa chake ndakwiya ndi inu amene mukadali ndi nthawi koma mwakhala apa mukuyang'ana wochi. Apongozi anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo nkhope yawo sindinaione mpaka lelo. Pamalilo anandiitana kuti ndikaone nkhope. Ndinapita kumapazi.

Esinala ali kunyumba. M'mawa uno wandipeza pamwala wanga n'kundiuza kuti ndikamaliza kuwelenga mphuno ndikatsekule mbuzi.

Tsopano tsekani pakamwa nonse. Inu a chingamu, lavulani. Msana chilili, maso pansi, manja pamaondo pomwe ndikuwaona. Tiwelenga mpaka khumi. Amene anganene kuti wafika pa khumi osakangana ndi mkazi wake m'mutu, ameneyo ndi wabodza, ndipo m'nyumba muno wabodza sitimufuna. Kumodzi.